Madzi Achikasu a ku Highlands

Loweruka ntchito zanga zimayenda motere: kutunga madzi pampopi anthu asanachuluke, kuyatsa mbaula, kusesa khonde, kunyika matewera a Twaambo m'beseni, kenako kuchapa yunifolomu ya bambo ake kuti pofika madzulo ikhale itauma. Loweruka limenelo mvula inali itavumba sabata yonse, ndiye matewera ndinkayanika m'nyumba, pachingwe chochoka pamsomali wa chitseko kukafika pazenera. Ankauma ali ndi mawanga achikasu amene sopo ankawalephera. Ndinkati ndi mango, poti mwana ankatola mango aliwonse ogwa pabwalo n'kumayamwa. Mumsewu munadutsa lole ya maliro, azimayi akuimba chapansipansi, ndipo siinali yoyamba m'mawa umenewo. Chaka cha 1996 ku Dambwa North, m'tauni ya Livingstone, tinali titasiya kufunsa kuti wapita ndani.

Munsaka, mwamuna wanga, anali atangofika kuchokera ku ulonda. Monga mwa masiku onse anandiikira patebulo botolo la chibwantu, chakumwa chathu cha chimanga ndi mizu ya munkoyo, natenga mwana n'kukhala naye kuseri kwa chitseko akumudyetsa phala. Apolisi anamupeza supuni ili m'manja.

Sajenti Mudenda anali wamtali, wolankhula ngati mawu amamulemera. Anati botolo lalikulu lasowa kunyumba ya ba Dokota ku Highlands usiku wa Lachinayi, chitseko sichinathyoledwe, ndipo mlonda pamalopo ndi mmodzi yekha. Mnzake anasuzumira pansi pa bedi, anagwedeza thumba la ufa, sanapeze kanthu. Sajenti anati Munsaka akagona m'selo, Lolemba akaonekera kukhoti.

Munsaka sanatsutse. Anapukuta pakamwa pa mwana ndi chala, nandipatsa mbale.

"Amalize phala yonse, Bina Twaambo. Usataye."

Ndinamudyetsa, ndinamwa chibwantu changa chiimire, ndinabereka mwana n'kutseka chitseko. Mlonda akamangidwa chifukwa cha kuba, m'tauni muno salondanso ngakhale khola la nkhuku. Ndinali ndi Loweruka ndi Lamulungu basi kuti ndipeze amene anatenga botolo.

Botololo ndinkalidziwa, chifukwa inenso ndinkagwira ntchito panyumba yomweyo. Sukulu ndinaisiyira Giredi 9 mimba ya Twaambo itaoneka, ndipo ntchito yotsuka mabotolo kwa Dokota Nasilele Mundia ndi imene inatichotsa pa moyo wodya kamodzi. Iwo anasandutsa chipinda chodyera cha nyumba yakale kukhala labu, ndipo mmenemo ankaweta mabakiteriya, tizilombo ta m'nthaka tosaoneka ndi maso. Ankalongosola chonchi. Ukaponya mizu ya munkoyo m'phala lolimba, phala limasungunuka n'kutsekemera, ndipo chimene chimagwira ntchitoyo m'mizumo chimatchedwa enzaimu. M'tizilombomo mulinso maenzaimu ena, amene amapanga vitamini B2, koma akapanga pang'ono amaleka. Ba Dokota anatha zaka zambiri kunja akusintha enzaimu imodzi kuti isamaleke. Tizilombo tawo ukatipatsa madzi a gaga ndi zotsalira za nzimbe, timasandutsa madziwo kukhala achikasu ngati dzira. Cholinga chinali chakuti tsiku lina vitaminiyo azidzaithira mu ufa wa phala la ana, osadikira mapilisi ochokera kutsidya la nyanja.

Mbewu ina ya tizilomboto inali mufiliji, koma mphezi inatentha filijiyo kumayambiriro kwa mvula. Tamoyo tinatsala m'botolo limodzi lokha, lokutidwa ndi nsalu yakuda, lomangidwa pamakina amene ankaligwedeza usana ndi usiku.

Ndisanabwere ine, mabotolo ankatsuka Audrey. Anamwalira nyengo yozizira, ataonda mpaka chibangili chake chinkakwera kufika kuphewa. Ndinalowa m'jasi lake loyera ndi m'magolovesi ake. Patapata zake zinali zikadali kuseri kwa chitseko cha labu, palibe amene ankalimba mtima kuzitaya. Nthawi zina ndikaweramira sinki ndinkamva ngati wina waima kumbuyo kwanga akuona ngati ndikutsukuluza bwino.

Ku Highlands ndinapeza Nyambe, dalaivala, akukweza katundu m'galimoto. Loweruka lililonse masana ba Dokota ankapita kumsika wa Maramba kukaonetsa anthu ntchito yawo, ndipo kubedwa sikunawaletse. Nyambe ndi munthu wa nthabwala, koma tsiku limenelo ankaseka akuyang'ana kumbuyo. Anati iye ndi amene anatsegula labu Lachisanu m'mawa, ndipo anapeza makina akugwedezeka okha, akugwedeza mphepo.

"Manje iwe ganiza, sisi. Kawalala wabwanji azima mashini, amasula botolo, ayasanso mashini, akhoma na chitseko? Na nsalu yakuda atenga. Awe, uyo ni munthu wa nchito. Ni Audrey uja, abwera kuona bana bake."

Ndinamufunsa za makiyi. Anati ina ili ndi ba Dokota, ina ndi iye, ndipo Lachinayi anagona ku Sesheke kumaliro a malume ake, n'kubwerako m'bandakucha, mudzi wonse ungachitire umboni. Kiyi yachitatu inali ya Audrey, ndipo sinabwezedwe. Iye ankakhulupirira kuti inalowa naye m'manda. Anawonjezanso, motsitsa mawu, kuti madzi a m'botolomo anayamba kale kuchepa, pang'onopang'ono, ngati pali wina amene amamwako. N'chifukwa chake ba Dokota anagula loko watsopano woti aikidwe Lachisanu.

Ndinafunsa amene ankadziwa za lokoyo.

"Ine, ba Dokota, na bamuna bako. Ndiye benze kuti bakhomelele."

Ba Dokota ndinawapeza m'labu atakhala pampando, manja ali pamaondo, akuyang'ana makina amene tsopano anali zii. Sanagone, zinkaonekera m'maso. Anati kupolisi sanapite mwa kufuna kwawo, eni thandizo la ntchitoyo ndi amene anafuna kuti nkhani ikafike kumeneko. Anati saganiza kuti ndi wina wofuna kugulitsa, chifukwa mu Livingstone monse mulibe angadziwe chochita nalo. Chimene ankaopa ndi nthawi. Tizilomboto tikakhala osagwedezedwa timabanika, tikatsegulidwa pamalo akuda timalowereredwa ndi tinzake takutchire, ndipo madziwo akakhala padzuwa chikasu chimafa.

"Mapenzi, sindifuna munthu m'ndende. Ndifuna botolo langa lisanafe."

Ndinapempha kuti ndikwere nawo kupita kumsika, ndikagwire ntchito imene Munsaka ankagwira Loweruka lililonse, yonyamula chithunzi ndi kutchinga bokosi. Ku Maramba kunali munthu amene ndinkafuna kumufunsa za kiyi ija.

Ba Namasiku, mkulu wake wa Audrey, amagulitsa chibwantu pafupi ndi ogulitsa malasha. Ndi mayi wonenepa, wa mawu okanda, wolankhula maso ali pa chikho. Anati katundu wa Audrey anamugawa yekha: madiresi, mapoto, wailesi yakufa. Kiyi munalibe. Audrey ankaivala m'khosi pa kachingwe kofiira, koma posambitsa mtembo khosi linali lopanda kanthu.

Ndinafunsa amene ankabwera kudzamuona masiku omaliza. Anati a kutchalitchi, ba Dokota kamodzi, kenako anasiya kutunga n'kundiyang'ana kwa nthawi yoyamba.

"Mwana iwe, ufunsa monga kapokola wa ku polisi. Bamuna bako benze kubwera na malalanje. Bokosi la maliro naye ananyamulako. Ine naona banthu bambiri banyamula bokosi, niziba wamene anyamula ya bene na wamene anyamula yake."

Ndinangokonza nsalu ya mwana. Ba Namasiku anabwerera ku chikho chawo. Anati Munsaka ndi kasitomala wabwino, amabwera m'mawa uliwonse akaweruka, ndipo amakana botolo loyera la pulasitiki. Amabwera ndi lake lakuda, la mowa, lotsuka bwino. Akathiridwa sapita molunjika, amayamba wazimirira kuseri kwa matumba a malasha.

Botolo limenelo ndinali nditalisiya patebulo pathu m'mawa, lopanda kanthu.

Nyambe anali ataimika galimoto pansi pa mtengo, anthu anayamba kusonkhana. Ine ndinakweza chithunzi. Chinali cha mwana wa milomo yong'ambika m'mbali, ya zilonda zoyera, ndipo pambali pake mwana yemweyo atachira. Ndinali nditachiona kambirimbiri chili chopinda m'labu, koma ndinali ndisanaimepo kumbuyo kwake anthu akuchiyang'ana. Zilonda zapakamwa aliyense ankazidziwa, tinkaziona pa anthu amene pakapita miyezi ankakwera lole ija.

Ba Dokota ananena za munkoyo ndi enzaimu, anakweza kabotolo kakang'ono ka madzi achikasu kamene kanatsala, nati zilonda ngati izi, zobwera chifukwa chosowa vitamini, madzi awa amazichotsa. Bambo wina wovala chipewa anafunsa funso limene Nyambe akuti linkafunsidwa Loweruka lililonse, ngati madziwo amaletsanso kaliwondewonde. Ba Dokota anayankha zoona. Anati iyayi, nayamba kulongosola kusiyana kwa zilonda za njala ndi zilonda za matendawo. Kulongosolako kunali kwakutali, wailesi ya pasitolo inkalira, ngolo ya tomato inkafuna njira. Ine amene ndinali pafupi ndinamva zonse. Amene anali kumbuyo anamva zilonda, anaona chithunzi.

Twaambo nayenso anali ndi zilonda zotero mwezi wa Novembala. Zinapola zokha, ine n'kumayamikira mafuta amene ndinkamupaka.

Kenako inafika nthawi ya bokosi, imene ana amsika ankaikonda. Linali bokosi lamatabwa lokutidwa ndi bulangete lakuda, mkati muli nyali yabuluu ya mabatire. Ukalowetsa mutu, kabotolo kachikasu kankawala mobiriwira ngati ziphaniphani. Nyambe anandiuza kuti ndilowe ndiyatse nyali. Twaambo anali atangondinyowetsa kumsana, ndiye ndinamutsitsa, ndinamuvula thewera, ndinamupatsa Nyambe kuti amugwire, ndipo ndinalowa pansi pa bulangete thewera lili m'manja.

Ndinayatsa nyali. Kabotolo kanali kasanaikidwe, kanali m'manja mwa ba Dokota kunja. Koma m'bokosimo munawala. Thewera la mwana wanga linkayaka mobiriwira m'manja mwanga, ngakhale zala zanga zonyowa zinkawala.

Ndinakhala mmenemo mpaka Nyambe anagogoda pabokosi kufunsa ngati ndagona. Ndinapinda thewera, ndinaliika mkati mwa bulauzi, ndinatuluka n'kunena kuti mwana watentha thupi.

Kunyumba sindinafufuze pansi pa bedi, apolisi anali atafufuzapo kale. Ndinaima pakati pa chipinda n'kudzifunsa kuti munthu amene wamva Loweruka lililonse kuti chinthuchi chimaopa dzuwa angachibise kuti. Kuseri kwa chitseko, pamene Munsaka ankakhala podyetsa mwana, pali mtsuko waukulu wa amayi ake umene tinasiya kuthiramo madzi utayamba kudontha. Pamwamba pake panali mbale ndi nsanza. Ndinachotsa. M'katimo munali mchenga wonyowa, ndipo mumchengamo munali botolo la ba Dokota, litavala nsalu yake yakuda, kukamwa kotsekedwa ndi thonje monga amachitira kulabu. Pambali panali supuni yokulungidwa m'pepala, kabotolo kamankhwala kamene ankatengeramo pang'onopang'ono poyamba paja, ndi kiyi ya kachingwe kofiira.

Ndinakhala pansi. Matewera ankalendewera pamwamba panga ndi mawanga awo. Akanakhala kuti anauma padzuwa monga masiku onse, chikasu chikanafa pachingwe, ine osaona kanthu. Za ine mwini sindikanadziwa n'komwe, m'chimbudzi chokumba munthu saona zimene wasiya.

Ndinkatha kukataya zonse m'chimbudzimo. Popanda botolo, khoti likanakhala ndi mawu okha, ndipo mwina Munsaka akanatuluka. Ndinaganiza zimenezo nthawi yokwanira kuwiritsa madzi. Koma ndinali ndisanadziwe chimene mwana wanga wakhala akumeza, ndipo wodziwa anali mmodzi. Khosi la mtsuko linali lothina, botolo linkakana kutuluka ndi mchenga, ndiye ndinauphwanya ndi mwala. Ndinaika botolo mubasiketi, ndinaphimba ndi matewera, ndinayamba kupolisi.

Sajenti Mudenda anandilola kuima pachitseko cha selo chifukwa ndinabwera ndi chakudya. Basiketi sanaiyang'ane. Munsaka anabwera pazitsulo, ndipo m'kuwala kwa pakhonde ndinaona chimene ndinkakana kuona m'nyumba mwathu: kolala ya shati inali itamukulira, m'mbali mwa milomo munali moyera. Ndinatsegula dzanja, ndinamuonetsa kiyi.

Anaiyang'ana. Kenako analankhula motsitsa, mosadzikometsera. Anati za Audrey zinachitika ine ndili ndi pakati. Audrey atadwala anamuitana, namuuza kuti akayezetse, namupatsa kiyi kuti akabweze kwa ba Dokota. Kukayezetsa anapita yekha, kutali ndi kwathu, ndipo anamupeza ndi matendawo. Kiyi sanabweze. Tsiku limene anaona zilonda pakamwa pa Twaambo anatsegula labu koyamba. Zilonda zitapola anakhulupirira kuti madziwo amachiza. Atamva za loko watsopano anatenga botolo lonse.

"Atate ake Twaambo, inu munali kumwako?"

"Iyai. Ine nasila kudala, natha kale. Yenze ya imwe babili."

"Ba Dokota amakamba Loweruka lililonse kuti sichiritsa. Munali pomwepo, chithunzi chili m'manja."

"Ninamvela. Koma mwana anapola, Mapenzi. Ninaona na menso yanga."

Sindinalire, sindinamutukwane. Ndinamupatsa chakudya kudzera pazitsulo ndipo ndinamuuza kumene ndikupita ndi basiketi. Anagwedeza mutu movomera. Anangopempha kuti ndisayende nayo padzuwa.

Ba Dokota anali atabwerako kumsika. Ndinaika basiketi patebulo la labu, ndinachotsa matewera. Anavala magolovesi, anamanga botolo pamakina, anayatsa, ndipo phokoso lija linabwerera m'nyumba. Atatero anakhala pansi, ine ndinawauza zonse, kuyambira phala mpaka kiyi. Ndinafunsa funso langa. Anati tizilomboto sitivulaza munthu, mwina kungotsegula m'mimba pang'ono, ndipo zilonda za Twaambo n'kutheka zinalidi za vitamini. Za matenda enawo madziwo sangachite kanthu, ngakhale munthu atamwa mgolo wonse. Anayang'ana chithunzi chija chili chopinda pakona, nati kuyambira tsopano iyayi uja azimunena poyamba, asanachitambasule. Kenako anatenga makiyi a galimoto, napita okha kukauza Sajenti kuti katundu wapezeka ndipo mlandu akuuchotsa.

Ndinatsala ndekha m'labu ndi mwana kumsana, makina akugwedeza. Ndinayang'ana kuseri kwa chitseko. Patapata zija zinali pomwepo, zoyang'ana kusinki, ngati mwini wake wangozivula. Ndinazitenga, ndinazikulunga pamodzi ndi kachingwe kofiira, ndipo Lolemba ndinakazisiya kwa ba Namasiku. Analandira, nabwerera ku chikho chawo.

Zimene nkhaniyi inadya ndi izi. Mtsuko wa apongozi anga. Ntchito ya Munsaka, chifukwa kukhoti sanapite koma pageti sakanabwereranso. Nyengo yonse ya mvula ya ba Dokota, imene anathera kupatula tizilombo tawo pakati pa takutchire timene tinalowa ndi supuni, ndipo anatipulumutsa. Chibwantu, chimene sindimwanso. Bere la Twaambo, chifukwa magazi anga atayezedwa anapezeka ndi matenda aja, ndipo anesi anati ndimuletse kuyamwa. Bedi lathu, limene tinagulitsa Munsaka atagona pansi. Munsaka mwini wake, mwezi wa Julayi, pa lole yobwereka kwa ogulitsa malasha.

Jasi loyera ndikuvalabe, mabotolo ndikutsukabe. Za Twaambo akuti tidikire akwanitse chaka ndi theka, magazi ake asanafike pamenepo sanena zoona. Tikudikira. Matewera ndimayanika padzuwa, amauma oyera. Milomo yake ndi yosalala, ndipo m'mawa uliwonse ndisanatunge madzi ndimaiyang'ana.